Za pulinta yathu ija ikugona m'katoni

Uthengawu ndi wautali ndithu, ndiye ngati muli pa ntchito usungeni mudzawerenge madzulo. Koma chonde mufike kumapeto musanayambe kundithira ma voice note.

Nkhani ndi ya pulinta ya gulu lathu la achinyamata, ija yosindikiza zithunzi zoika pa malaya ndi pa makapu, imene amati sublimation. Bungwe lina linatisiyira pamodzi ndi makina opanira otentha aja amati heat press, kachipangizo kotenthetsera makapu, mapepala ake ndi mabotolo 4 a inki. Anthu 5 anaphunzitsidwa masiku 3. Chibwerereni yagwira ntchito kawiri basi, tsiku loilandira ndi pa ukwati wina. Lero ili m'katoni kuchipinda kwa a tcheyamani, ndipo ukafunsa yankho ndi limodzi: "Tikuisamala, ndi chinthu chodula chimenechi." A tcheyamani ndimawalemekeza. Si akuba, ndipo akanakhala ena bwenzi katunduyu atagulitsidwa kalekale. Koma kasamalidwe kameneka ndi kamene kaiphe pulintayo. Ine ndikuti ituluke m'katoni sabata ino, ipatsidwe munthu mmodzi aziigwiritsa ntchito. Ngati zimenezo zitikanika, tiigulitse ikadali yamoyo.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndi mainjini a maboti. Chaka chilichonse makoka akapuma mu November ndi December, mu January ndimalandira mainjini amene eni ake amalumbira kuti "inali bwinobwino pomwe ndimaisunga, mwana wanga." Zoona, inali bwino. Koma anaisunga ndi petulo m'kabureta. Petulo amauluka, kumatsala phula lomata ngati ulimbo, ndipo limatseka timabowo ta majeti. Impela ya labala imauma itapindikira mbali imodzi, ukaliza injini madzi oziziritsa osakwera. Yamaha Enduro 15 imene imapita ku usipa usiku uliwonse, vuto lake ndimaliganizira ndisanatsegule n'komwe: pulagi, kapena chingwe chokokera chatha. Yogonayo ndiye imandidyera tsiku lathunthu. Ngakhale bwato la mtengo, bambo anga salisiya pamtunda padzuwa miyezi, chifukwa limang'aluka lokha popanda wolikhudza.

Pulintayi matenda ake ndi omwewo. Yathuyi ndi ya Epson, ya matanki a inki aja. Kachinthu kamene kamathamanga uku ndi uku ikamasindikiza ndiwo mutu wake, ndipo pansi pa mutuwo pali timabowo tambirimbiri, tating'ono kuposa tsitsi la m'mutu mwanu. Inki ya sublimation ndi tinthu ta utoto tosasungunuka, tongoyandama m'madzi. Taganizani madzi a mtsinje nthawi ya dzinja. Mukawatunga n'kuwasiya m'ndowa usiku, mawa matope onse ali pansi. Ndi zimene zikuchitika m'matanki ndi m'machubu a pulinta ija panopa. Kumapeto kwa timabowo madzi akuuluka, utoto ukutsala n'kuuma. Ndiye wonjezerani kutentha kwa kuno mu October, m'nyumba ya malata.

Timabowo tikatsekeka pang'ono, pulinta ili ndi njira yodzitsukira yokha. Koma imadzitsuka ndi inki yomweyo, kuikoka n'kuitayira pa thonje limene lili mkati, ndipo thonjelo likadzaza makina amakana kugwira ntchito mpaka alisinthe. Ndiye inki imene tikuopa kuti itha tikamasindikiza, idzathera potsuka. Tikatsekeka kotheratu, ndiye kuti mutu wafa, ndipo pa mapulinta ang'onoang'ono ngati awa mtengo wa mutu watsopano umayandikira wa pulinta yonse. Zinthuzi sizipangidwa m'dziko muno. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndani m'gulu lathu angasonkhe ndalama yogulira ina?

Ndikudziwa wina ayankha kuti, "Aise, amalume anga ali ndi kapulinta ka zithunzi, kanakhala zaka 2 m'sutikesi koma kakugwirabe." Eya, ndikukhulupirira. Kameneko ndi ka mtundu wa Canon Selphy, nakonso amakatcha dye sublimation, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Selphy ilibe inki yamadzi. Utoto wake uli pa kariboni kapulasitiki kopyapyala, ndipo pepala limalowa n'kutuluka maulendo 4: wachikasu, wofiirira, wabuluu, kenako kachikopa kotetezera. Palibe choti chiume. Ameneyo mdani wake ndi fumbi basi. Koma imangotulutsa zithunzi za saizi ya positikhadi kapena tizithunzi ta pa mafomu, malaya ayi. Yathuyi ndi ina, ili ndi madzi m'mimba. Pomwepo, amene muli ndi Selphy, riboni yotha ija musamangoitaya pa dzala. Imatsala ndi chithunzi cha munthu aliyense amene munamusindikiza, mwana akaitola n'kuiyang'anitsa ku dzuwa amaona zonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mankhwala ake ndi otchipa kwambiri. Kamodzi pa sabata, kuiyatsa, kutulutsa kapepala koyesera timabowo kamene amati nozzle check, ndi kachithunzi kakang'ono kokhala ndi mitundu yonse 4. Pepala wamba la mu kope likwanira, osawononga la sublimation. Mphindi 5 zokha. Pozimitsa, kudina batani lake, osati kusolola pulagi pakhoma, chifukwa ikazima mwadongosolo mutu umabwerera pamalo pake n'kukhala pa kalabala kamene kamatseka timabowo kuti mphepo isalowe. Magetsi akathima ili pakati posindikiza, mutu umatsala poyera. Akangobwera, iyatseni ibwerere yokha. Kenako kuiphimba ndi nsalu chifukwa cha fumbi, mphemvu, nyerere, ndi nkhungu zija zikatuluka m'nyanja zimalowa paliponse. Mapepala azikhala m'jumbo yomanga bwino, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno akachimwa chithunzi chimatuluka chamathothomathotho.

Tsopano tinene zoona za zimene makinawa angathe, chifukwa tsiku lolandira lija anthu analonjezana zambiri. Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Umasindikiza chithunzi pa pepala lake, chotembenuza ngati pa galasi. Umaligoneka pa nsalu, kulimata ndi tepi yosapsa kuti lisasunthe, n'kupana mu heat press pa madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi imodzi. Pa kutentha kumeneko utoto uja umasanduka mpweya, ulusi wa polyester nawo umatseguka, mpweya uja n'kulowa. Zikazizira utoto watsekeredwa mkati mwa ulusi. N'chifukwa chake ukasisita ndi dzanja sumva kanthu pamwamba, ndipo ngakhale muchape pamwala kugombe sichikanganuka ngati manambala omata aja a pa majezi. Kapu imafuna mphindi ngati 3.

Koma imafuna polyester. Pa thonje utoto ulibe pogwira, ukachapa kawiri katatu chithunzi chimazilala ngati chakale. Imafunanso nsalu yoyera kapena yowala, chifukwa ilibe inki yoyera. Pa malaya akuda simuona kanthu. Makapu a pamsika sagwira, amafunika opakidwa kale kachikopa kake ku fakitale. Ndipo pulinta yathu ndi ya A4, ndiye chithunzi sichingapose pepala la mayeso.

Amene mumati tizilembera maina pa maboti, iwalani. Boti silingalowe mu heat press, limenelo ndi la penti ndi bulashi mpaka kalekale. Ma life jacket nawonso ayi, thovu la mkati lingasungunuke. Mbendera ya pa boti ya polyester imatheka, koma kasitomala muzimuuziratu kuti dzuwa la pa nyanja lidzaizilalitsa. Ena mumati poti maoda a malaya kulibe, tizisindikizira anthu makalata ofunsira ntchito. Inki ya sublimation pa pepala imaoneka yotuwa, mtundu wake weniweni umatuluka ikapsa, komanso ndi yodula kuposa wamba. Mukathiramo inki wamba kuti muchepetse mtengo, ndiye mwasakaniza ziwiri m'machubu, ngati kuthira dizilo mu injini ya petulo. Musaganizenso zothira inki yathu mu pulinta ya HP ya kusukulu. Mitu ya HP ndi ya Canon imatenthetsa inki kuti ituluke, pamene ya Epson imangoifinya ndi kachitsulo konjenjemera popanda moto, ndipo n'chifukwa chake anthu amasankha Epson pa ntchito imeneyi.

Vuto lenileni limene a tcheyamani akanatchula, ndikanawagwirizana nalo, ndi magetsi. Pulinta payokha imadya pang'ono, sifika ndi ma watts 20 omwe, sola yokhala ndi inveta ikhoza kuiyendetsa. Chilombo ndi heat press. Ya saizi ya masentimita 38 mbali zonse imafuna ma watts 1,400 kapena kuposa. Kajenereta kaja kolembedwa 950 kamene timaonetsera mpira sikangainyamule, kangolira n'kuzima. Simbi ya makala musayese n'komwe: kutentha kwake sikufanana paliponse, kupana kwake kumadalira dzanja, pepala likasuntha pang'ono chithunzi chimatuluka pawiri ngati munthu waledzera akuona. Koma izi sizikutanthauza kuti makina agone. Zikutanthauza kuti malo ake si kumudzi kuno kopanda waya. Akhale pa trading centre pamene pali magetsi. Maoda azisonkhanitsidwa, mapepala azisindikizidwa n'kusungidwa pouma masiku angapo, kenako tsiku limene magetsi akhazikika n'kupana zonse kamodzi.

Nanga ogula alipo? Tayang'anani bwino. Gombe lililonse lili ndi timu ya mpira, ndipo majezi a mpira ndi polyester kale. Oyera amapezeka pa kaunjika. Atsikana a netball chimodzimodzi. Makwaya, magulu a amayi, ana a Form 4 akamatsanzikana, onsewa amafuna malaya ofanana ndipo panopa amatumiza ndalama ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kudikira masabata, zina n'kubwera dzina litalakwika. Pa 15 October ndi tsiku la anakubala, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg akhoza kutumiza chithunzi cha amayi ake pa foni, kulipira pa foni pomwepo, kapu n'kukaperekedwa pakhomo. Pa maliro ndi pa ziliza anthu masiku ano amavala malaya a nkhope ya malemu, ndipo imeneyo ndi ntchito yofuna changu imene wa kutauni sangaithe pa nthawi yake. A komiti ya gombe amafuna majekete owala aja olembedwa kumsana, amenewo ndi polyester ndipo zilembo zakuda zimaoneka bwino pa chikasu. Eni zilimira ena ndi onyada, angakonde alovi awo atavala dzina la boti. Ku Cape Maclear alendo amabwera kudzaona mbuna, ndipo kapu ya chithunzi cha mbuna kapena cha sitima ya Ilala ikuchoka pa Monkey Bay ndi chinthu choti munthu akhoza kuika m'chikwama.

Sindikunena kuti tilemera nazo. Sabata zina kudzakhala zii, makamaka mwera ukalimba mu June ndi July maboti osalowa, anthu opanda ndalama m'thumba. Koma ngakhale oda imodzi pa sabata ndiye kale mankhwala a mutu uja, ndipo yalipira inki yake. Amene mukuti tidikire kampeni chifukwa ndi pamene malaya amayenda, chisankho chinachitika pa 16 September 2025, china ndi 2030. Pulinta imeneyi siingadikire ndi miyezi 6 yomwe.

Pali tizinthu tiwiri tokhudza zithunzi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, pa foni chimaoneka bwino koma pa malaya chimatuluka chamabokosimabokosi. Muziuza anthu atumize ngati document. Chachiwiri, baji ya Bullets kapena ya Wanderers ili ndi eni ake, ndipo nkhope ya mtsikana amene mwaitenga pa Facebook iye osadziwa siyoika pa kapu. Milandu ina ndi yoiputa dala.

Tsopano mantha amene ali m'mitima, ngakhale pa msonkhano sanenedwa poyera. Oyamba ndi akuti tikampatsa munthu adzaiwononga. Achiwiri ndi akuti ndalama adzadya yekha. Za kuwononga ndayankha kale, ikuwonongeka panopa popanda woigwira. Chimene chimaphadi makina a gulu ndi manja ambiri, lero uyu mawa uyo, aliyense n'kumati anaipeza ili choncho. Ndiye akhale mmodzi, wodziwika. Ine ndikanasankha mmodzi mwa asisi awiri anaphunzira nawo aja, amene ali ndi shopu yosokera pa trading centre. Magetsi ali nawo, nsalu amaidziwa kuposa tonsefe, akangoigwira amakuuza kuti iyi ndi thonje iyi ndi polyester, ndipo anthu ofuna mayunifolomu amafika kale pakhomo pawo. Achimwene ena nkhope zichita makwinya poti ndatchula mkazi, koma nenani ndani mwa anyamata atatu aja amene sali pa nyanja usiku n'kumagona masana.

Za ndalama, kodi n'zachilendo kwa ife ana a asodzi? Mwini chilimira nthawi zambiri salowa nawo m'madzi. Amapereka boti, injini ndi ukonde kwa alovi. Akabwerako amayamba achotsa za petulo ndi zina zolowa, chotsala n'kugawana monga anapanganirana. Sanena kuti poti alovi angandibere, chilimira changa chikhale m'nyumba. Tichite chimodzimodzi. Pa ntchito iliyonse tiyambe tachotsa za inki, pepala, malaya ndi magetsi, ndalama imeneyo isakhudzidwe chifukwa ndi yogulira zina. Chotsala, gawo la wogwira ntchito ndi gawo la gulu. Ndipo kuno kuwerengera n'kosavuta kuposa pa nyanja, pamene sungadziwe kuti zidebe za usipa zinali zingati asanafike pagombe. Mapepala a sublimation amabwera owerengeka m'paketi. Msungichuma alembe nambala kuseri kwa lililonse, lililonse lotuluka lilembedwe m'kope, lowonongeka lisatayidwe koma lisungidwe ngati umboni. Komanso pulinta imawerenga yokha mapepala onse amene adutsamo, ndipo nambalayo imaoneka pa kapepala koyesera kaja. A tcheyamani akhale iwo oyang'anira kope limenelo mwezi ndi mwezi. Udindo wawo sunachoke, wangosintha malo.

Ngati gulu likana zonsezi, ndiye tigulitse. Ndikudziwa mawu amenewa akuwawa, ndipo ena aziti tikugulitsa mphatso. Tikhoza kuwalembera amene anatipatsa kuwafotokozera, palibe chobisa. Wogula wanzeru chinthu choyamba adzapempha ndi nozzle check. Ikatuluka yoyera tidzapeza ndalama yooneka, yoti n'kugulira zina zimene gulu lingathe kugwiritsa ntchito. Ikadzatuluka yodukaduka chaka chamawa, adzatipatsa mtengo wa heat press yokha, pulinta n'kutiuza kuti tikhale nayo.

Loweruka likudzali ndapempha a tcheyamani kuti katoni ibwere ku shopu ija m'ma 9 koloko. Ine ndibweretsa waya wolumikizira ndi mapepala wamba, wina abweretse laputopu. Tiyamba taona masiku olembedwa pa mabotolo a inki, yodutsa nthawi sitithiramo. Kenako titulutsa kapepala koyesera. Mizere ikakhala yoduka tidzaitsuka kawiri kapena katatu basi, n'kuisiya igone usiku wonse kuti inki yatsopano ifewetse youmayo, Lamulungu masana n'kuyesanso. Kutsuka kakhumi motsatizana kumangomaliza inki. Ndipo amakaniko anzanga, ndikukudziwani: singano, petulo ndi kupopera mpweya wa kompuresa musiye ku galaja, mutu wa pulinta si jeti ya kabureta. Amene muli ndi jezi yoyera ya polyester imene simukuidandaula, bwerani nayo tidzayesere.